Asanalembe Dzina la Matenda, Afunse Chimene Chakugwerani

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

 Madzulo ano tikambirana za matenda a maganizo. Makamaka tilowa m'kachipinda kaja kamene munthu wosweka mtima amakhala pampando, kutsogolo kwake kuli namwino, dokotala kapena phungu, cholembera chili m'manja. Zimene amafunsidwa m'kachipindamo, ndi zimene safunsidwa, zimatha kumuimika munthu kapena kumugwetseratu.

Mfundo yanga ndi imodzi. Amene akupima munthu wovutika maganizo asamalekeze pa funso lakuti mukumva bwanji m'thupi. Afunsenso kuti chakugwerani n'chiyani, wakuchitani zimenezi ndani, ndipo amene angazisinthe ndani. Uphungu wosafunsa mafunso amenewa umangozoloweretsa munthu kukhala phee pamene akuponderezedwa.

Tiyerekeze mayi wa ana anayi wa m'mudzi wina kuno kwathu. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha. Maliro atangotha, achibale a mwamunayo anatenga mbuzi, njinga ndi malata amene banjalo linkasunga. Chimanga chinapsa ndi dzuwa. Tsopano mayiyu tulo sakuona, chakudya sichikulowa, mutu ukuwawa tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina amaganiza kuti bola kungofa. Akafika kuchipatala, wachipatala wodziwa ntchito yake adzaona kuti awa ndi matenda ovutika maganizo, ndipo adzakhala atanena zoona. Angamupatse mankhwala, ndipo mankhwalawo angamubwezere tulo. Koma ngati nkhani yathera pomwepo, m'buku la chipatala mwalembedwa kuti vuto lili m'mutu mwa mayiyu. Mbuzi zija sizinalembedwe. Olanda aja sanalembedwe. Komatu dziko lino la Zambia lili ndi lamulo la 1989 la kagawidwe ka chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo. Lamuloli limati ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Mayiyu ngati palibe womuuza zimenezi, abwerera kumudzi ndi mapiritsi m'chitenje, akukhulupirira kuti iye ndiye wofooka.

Zili ngati munthu amene akutsokomola m'nyumba yodzaza utsi. Mankhwala a chifuwa mupatseni ndithu, koma wina atsegule chitseko.

Omvera, dzina la matenda lili ndi mphamvu, ndipo mbiri ikutionetsa kuti mphamvuyi inagwiritsidwapo ntchito molakwika. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda amene ankaonedwa kuti wazungulira mutu ankatsekeredwa kawirikawiri m'ndende, ndipo ena ochokera kuno ku Northern Rhodesia ankatumizidwa kutali ku Ingutsheni, mumzinda wa Bulawayo, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1908. Cholinga chachikulu chinali kumuchotsa pamaso pa anthu. Ku Kenya, mu 1954, boma la atsamunda linapempha dokotala wa maganizo J.C. Carothers kuti afotokoze chimene chinautsa nkhondo ya Mau Mau. Iye analoza m'mitu ya Akikuyu, kuti asokonezeka chifukwa cholephera kuzolowera moyo watsopano. Nkhani ya minda imene analandidwa sinapatsidwe malo ake. Anthu akulirira nthaka yawo, dokotala akulemba kuti akudwala.

Panali dokotala wina amene anakana kuyenda njira imeneyo. Frantz Fanon, wobadwira ku Martinique, anagwira ntchito pachipatala cha odwala maganizo cha Blida ku Algeria kuyambira mu 1953. Nkhondo yomenyera ufulu itabuka, ankalandira anthu ozunzidwa ndi apolisi, n'kulandiranso apolisi ozunzawo, onse osagona tulo. Mu 1956 anatula pansi udindo. Chifukwa chake chinali chakuti ntchito ya dokotala ndi kubwezera munthu pakati pa anthu anzake, ndipo sizinamveke kwa iye kuchiza munthu n'kumubwezera m'dziko limene tsiku lililonse likumuvula umunthu.

Kuno kwathu chipatala cha Chainama Hills chinatsegulidwa mu 1962, ufulu usanabwere, m'mbali mwa msewu womwewu wa Great East Road umene umadutsa m'boma lathu la Rufunsa. Ufulu unabwera mu 1964, koma lamulo la atsamunda la 1949 lokhudza odwala maganizo linatsala, ndipo linakhala zaka 70. Lamulolo linkagawa odwala m'magulu ndi mayina otukwana, ofanana ndi kunena munthu kuti chitsiru kapena chidzete, ndipo linkalola kuti munthu atsekeredwe popanda kumva mawu ake. Amene analigwedeza lamuloli ndi eni ake a vutoli. Mu 2017, a Gordon Mwewa, a Mulima Kasote ndi a Sylvester Katontoka, amene panthawiyo ankatsogolera bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anakasuma boma ku High Court ku Lusaka. Khotilo linagamula kuti gawo 5 la lamulolo, limene munali mayina onyozawo, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndiponso kuti odwala maganizo azisamalidwa mwaumunthu m'zipatala. Patapita zaka ziwiri, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Mental Health Act ya 2019. Lamuloli limatchula ufulu wa wodwala, ndipo limafuna kuti chithandizo chizipezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala. Mabungwe a anthu olumala anadandaulabe ndi gawo 4, limene limasiya mpata woti wodwala alandidwe mphamvu yodzisankhira zinthu pamaso pa lamulo. Ndiye ulendowu sunathe. Koma taonani kumene kusinthaku kunachokera: anthu amene ankauzidwa kuti mawu awo alibe ntchito anayamba kufunsa kuti lamulo limeneli analemba ndani, ndipo likuteteza yani.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Kufunsa kotereku kuli ndi mphunzitsi wake wodziwika, Paulo Freire wa ku Brazil. Mu 1963, m'tauni ya Angicos, iye ndi anzake anaphunzitsa anthu akuluakulu osauka pafupifupi 300 kuwerenga ndi kulemba m'masabata ochepa chabe. Sankayamba ndi mabuku ochokera kutali. Ankayamba ndi mawu a moyo wa ophunzirawo, monga njerwa, khasu, malipiro, ndipo pa liwu lililonse ankakambirana kuti amene amaumba njerwa ndani, nanga amene amagona m'nyumba ya njerwa ndani. Asilikali atalanda boma mu 1964 anamutsekera, kenako anathawira kunja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anafikanso kuno ku Zambia, kukaphunzitsa ku Mindolo, ku Kitwe. Chiphunzitso chake n'chakuti munthu woponderezedwa nthawi yaitali amayamba kukhulupirira zimene womupondereza amanena za iye, kuti ndi waulesi, ndi mbuli, ndi watsoka chibadwire. Kuchira kumayamba iye akatseguka maso n'kuona kuti zina zimene ankati ndi tsoka ndi zopangidwa ndi anthu, ndipo chimene anthu apanga, anthu angachisinthe. Wansembe wina wa Chikatolika amene analinso katswiri wa za maganizo, Ignacio Martín-Baró wa ku El Salvador, anatenga nzeru imeneyi n'kuilowetsa mu uphungu. Asilikali anamupha pamodzi ndi ansembe anzake pa 16 November 1989.

Nanga ife a ku Rufunsa zikutikhudza bwanji? Tiyang'ane zimene anthu athu asenza. Kafukufuku wa boma wa 2022 anapeza kuti anthu 60 pa 100 aliwonse m'Zambia ndi osauka, ndipo kumidzi chiwerengerocho chimafika pafupifupi 79. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti amayi 36 pa 100 a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Inu amene munaona chimanga chikuuma chisanamasule simufuna wina wokufotokozerani. Onjezani mnyamata amene anamaliza giredi 12 koma akuotcha makala kapena akukumba golide m'maenje, wogula ndiye akutchula mtengo. Onjezani mtsikana amene anasiya sukulu n'kukwatiwa ali mwana. Anthu amenewa akayamba kusagona, kumwa kachasu mmamawa, kukwiya msanga kapena kudzipatula, si zachilendo. Chachilendo ndi kuwapima ngati kuti anagwa kumwamba, alibe munda, alibe ngongole, alibe wowamenya.

Choncho wachipatala kapena phungu wotseguka maso amachita zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama zambiri.

Choyamba, amayang'ana amene akulankhula. Kawirikawiri wodwala maganizo sabwera yekha. Abwera naye ndi mwamuna wake, apongozi kapena amalume, ndipo iwo ndiwo amafotokoza: sakumvera, akulongolola, wathawa panyumba kawiri. Wodwalayo maso ali pansi. Nthawi zambiri achibalewo amanena zoona ndipo abwera chifukwa cha chikondi. Koma nthawi zina amene akufotokozayo ndi yemweyo amene mayiyo akumuthawa. Wachipatala wanzeru amati: bambo, tadikirani panja pang'ono, ndilankhule ndi amayi paokha. Mphindi khumi zimenezo zimatha kusintha zonse zimene zikanalembedwa.

Chachiwiri, amasamala chilankhulo. Dera lino ndi la Asoli, mulinso Ansenga, Achikunda, Achewa ndi ena. Namwino angakhale wochokera ku Kasama kapena ku Mongu, ndipo mabuku ake anawawerenga m'Chingerezi. Munthu wathu sanena kuti ndikudwala maganizo. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukutentha, thupi lonse lalefuka, ndikulota akufa. Wosamvetsetsa angamupatse Panadol mwezi ndi mwezi, kapena angathamangire kunena kuti wapenga chifukwa watchula mizimu. Pakati pa anthu amene amakhulupirira kuti makolo amalankhula kutulo, kulota malemu si chizindikiro cha misala. Wopima afunse kuti kwanu kuno zimenezi mumazimva bwanji, ndipo inuyo mukuganiza kuti gwero lake n'chiyani.

Chachitatu, amadzifunsa yekha. Phungu nayenso anakulira pakati pa anthu, ndipo ali ndi zimene anayamwira. Ngati anakula akumva kuti mkazi wabwino ndi wopirira, mayi womenyedwa akabwera adzamuuza kuti limbani mtima, banja ndi kupirira. Ku Lusaka amachita kuseka kuti ukwati ndi shipikisha club, kalabu ya opirira, koma kuseka kumeneko kwaika amayi ena m'manda. Ngati anakula akumva kuti mwamuna salira, bambo amene wataya mbewu zonse adzamuuza kuti khalani mwamuna, ndipo bamboyo sadzabweranso. Mawu amenewa ndikunenanso kwa inu alangizi, ankhoswe, akuluampingo ndi atsogoleri a miphakati, chifukwa kuno kumudzi aphungu oyamba ndinu. Munthu asanaganize zopita kuchipatala cha St Luke's kuno ku Mpanshya, wayamba wakhala pakhonde panu.

Chachinayi, salekeza pa kumvetsera. Akamva za katundu wolandidwa, amadziwa kuti kuli Victim Support Unit kupolisi, kuli khoti, kuli bwalo la amfumu. Akamva za nkhanza za m'banja, amadziwa kuti kuli lamulo la 2011 lothana ndi nkhanzazo. Akamva za mwana wokwatiwitsidwa, amadziwa kuti kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo limakana ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Akamva za njala, amadziwa khomo la ofesi ya Social Welfare. Sakakamiza munthu kukasuma, ndipo samusankhira chochita. Amamuonetsa makomo amene alipo, n'kumufunsa kuti mwa mavuto onsewa tiyambe ndi liti, ndipo ndani kumudzi amene angayende nanu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za anthu ophunzira a m'tauni. Umboni ukuchokera kwa anansi athu. Ku Zimbabwe, Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench m'dera la Mbare ku Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi, n'kupeza poyambira. Ambiri pambuyo pake ankalowa m'magulu oluka zikwama zogulitsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pabenchipo pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Kuno ku Zambia, boma litayamba mu 2010 kupereka ndalama kwa amayi a ana aang'ono ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa, ofufuza anapeza kuti patapita zaka, amayi olandirawo ankanena kuti ndi osangalala kuposa anzawo amene sankalandira. Ku Zomba, m'dziko la Malawi, ndalama zopatsidwa kwa atsikana ndi mabanja awo zinachepetsa kuvutika maganizo pa nthawi imene ankalandira. Izi zikutiuza kuti mtendere wa mumtima umayendera limodzi ndi chakudya, chitetezo ndi ulemu.

Tsopano mundimvetse bwino, chifukwa apa ena amapotoza. Sindikunena kuti matenda a maganizo kulibe, kapena kuti mankhwala ndi chinyengo. Alipo matenda amene amagwira wolemera ndi wosauka yemwe. Munthu amamva mawu amene ena sakumva, amakhala masiku osagona akulankhula mosalekeza, kapena amakhulupirira kuti aliyense akufuna kumupha. Ameneyo akufunika dokotala ndi mankhwala, ndipo ambiri akalandira chithandizo amabwerera kumunda ndi kubanja. Khunyu ndi matenda a ubongo, sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Malungo akafika kuubongo, HIV ikakula, kapena chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi, munthu amatha kubwebweta, ndipo pamenepo kuchedwa ndi imfa. Agogo amene ayamba kuiwala, kusochera ndi kuyenda usiku nthawi zambiri akudwala matenda a ukalamba a ubongo. Kuwatcha mfiti ndi mlandu pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo ndi nkhanza. Kuuza munthu wodwaladi kuti vuto lako ndi umphawi basi, pita ukapemphere, nakonso ndi kumulakwira. Wosauka ali ndi ufulu wopimidwa mofatsa ndi kuuzidwa dzina loona la matenda ake, monga momwe amachitira wolemera wa ku Kabulonga.

Ndipo apa pali chilungamo china chimene tiyenera kuchitchula. Madokotala a maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali ku Lusaka. Kwa zaka zambiri, ndalama zopita ku matenda a maganizo zakhala zosafika 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya zaumoyo. Kuchoka kuno kukafika ku Chainama ndi ulendo wa makilomita oposa 150, ndipo wodwala sayenda yekha, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri kapena atatu, kupita ndi kubwera. Banja limene lamanga mwana wawo ndi chingwe pamtengo likulakwa, ndipo chingwecho chiyenera kumasulidwa. Koma tisanaliloze chala tifunse kuti linapatsidwa njira ina iti. Mankhwala akasowa pakiliniki yapafupi, wodwala n'kuyambiranso, timati ndi wosamva. Kodi wosamva ndi iyeyo?

Boma la Rufunsa linakhazikitsidwa kuchoka ku Chongwe, ndi lonjezo lakuti chithandizo chifike pafupi ndi anthu. Kuno ku Mpanshya tili ndi chipatala cha mishoni ndi sukulu ya anamwino ndi azamba, kumene achinyamata akuphunzira ntchito imene adzakagwire m'midzi ngati yathu ino. Kwa inu ophunzira ndikuti: mndandanda wa zizindikiro uphunzireni bwino, chifukwa umapulumutsa moyo, koma muphunzirenso lamulo la chuma cha masiye, mudziwe kumene kuli Victim Support Unit, ndipo muphunzire kupereka moni m'Chisoli. Kwa inu a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi a Ward Development Committee, ndalama za chitukuko za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022. Pamsonkhano wotsatira funsani kuti pa ndalama zimenezi, zingati zapita kophunzitsa aphungu a m'midzi, kapena komanga kachipinda kamene munthu angalankhuliremo popanda mzere wonse kumva. Kwa mafumu athu ndi nduna zawo, mlandu wa wamasiye wolandidwa katundu ukaweruzidwa msanga ndi mwachilungamo, mwachiza matenda amene akanafika kuchipatala.

Ndipo kwa inu amene mukumvera muli ndi katundu mumtima, muli ndi ufulu wofunsa wachipatala kuti dzina la matenda anga ndi chiyani, mankhwalawa agwira ntchito yanji, ndimwa mpaka liti, ndipo angandivute bwanji m'thupi. Muli ndi ufulu wopempha kulankhula panokha. Muli ndi ufulu woti zimene mwanena zisatuluke panja. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire kuti kuche. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, pitani kuchipatala chapafupi, kapena imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia. Ana ndi achinyamata angaimbe 116.

Nkhaniyi musaisiye pawailesi pano. Ikambeni kumphakati, kugulu la banki ya m'mudzi, kubwalo la amfumu ndi kusukulu, ndipo pokambiranapo amene anadwalapo apatsidwe mpata woyamba kulankhula, chifukwa lamulo la 1949 linagwa pamene iwo analankhula.  

(NYIMBO YOTSEKERA)